Tinsanza ta Amayi pa Injini ya Bambo

Tsiku limene galimoto ya malemu bambo ake inayaka moto, Pamutu anaima pabwalo atanyamula chidebe cha mchenga, akusowa koloza nkhope. Moto unali utazima, koma boneti inali bii, mawaya atasungunuka, ponseponse pakununkha labala. Anthu oyandikana nawo nyumba, amene anawaitana yekha kuti adzaone luso lake, anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti kwawo kuli ntchito.

Amayi ake anali atatchena, chikwama chili m'manja, kudikira kukwera. Sanakalipe. Analowa m'nyumba, n'kuvula zovala zabwinozo, n'kukhala pa makina awo osokera. Kukanakhala bwino akanamutukwana.

Ngati inunso munawonongapo chinthu cha munthu amene mumamukonda, nkhaniyi ndi yanu.

Pamutu anali makaniko wa manja abwino, vuto linali kamwa. Ukamufunsa ngati adzakumbukira pamene wachotsa chitsulo, ankagogoda chipumi n'kunena kuti zonse zili pamutu. Dzinalo linachokera pomwepo, ndipo ankalikonda.

Galimotoyo inali yakalekale, ya chiwongolero chachikulu ngati lichero. Injini yake inafa bambo asanamwalire, koma amayi anakana onse ofuna kuigula. Ankangoifundika lona, n'kumanena kuti asanatsikire kulichete adzakhalanso pampando umene ankakhala mwamuna wawo akuyendetsa. Pamutu analonjeza kuti awaikira injini yamakono yochokera m'galimoto ina imene inachita ngozi.

Pochotsa injiniyo anadula mawaya ndi kusolola mapaipi mothamanga, osaika chizindikiro chilichonse. Poika m'galimoto ya bambo, paipi imodzi yakuda inatsala yopanda polowa. Iye anati ndi yotulutsira mpweya basi, n'kuisiya ikulendewera pafupi ndi ekizozi. Atangoliza injini, aliyense anaomba m'manja. Pasanapite nthawi, moto unabuka.

Mbiri yoipa siisowa miyendo. Makasitomala anayamba kudutsa pa galaja yake akuyang'ana kumbali. Anzake akamuona ankabisa machesi mwanthabwala. Iye ankaseka nawo, koma mumtima mukuwawa. Mapeto ake anatseka galajayo n'kukapempha ntchito kumalo ophwasulirako magalimoto akutha, kumene munthu sangawononge kanthu chifukwa zonse n'zowonongeka kale.

Kwa amayi anasiya kupitako. Msewu wodutsa pakhomo pawo ankauzemba, kulolera kuzungulira njira yaitali. Mlongo wake akaimba foni, ankati watanganidwa. Zoona zake n'zakuti ankachita manyazi.

Kumalo ophwasulirako kuja, tsiku lina kunabwera galimoto ya injini yofanana ndi imene iye anaika ija. Pamutu anaiona paipi yakuda ija ili pamalo pake. Anaitsatira ndi zala, kukwawira kunsi, mpaka inakathera ku thanki. Apa m'pamene anamvetsa. Injini zamakonozi zimakoka petulo wambiri, wotsala n'kumubweza ku thanki kudzera m'paipi imeneyo. Galimoto ya bambo inalibe njira yotere, ndipo iye sanafunse. Anasiya petulo akudonthera pa chitsulo chamoto ndi manja ake omwe. Anakhala kunsi kwa galimotoyo nthawi yaitali, osafuna kuti anzake amuone maso.

Mlongo wake atatopa ndi mafoni, anabwera yekha n'kunena kuti amayi akumufuna, ndipo sachoka popanda iye. Pamutu anapita ngati mbuzi yokokedwa pachingwe.

Anawapeza amayi atayala jekete la bambo pa tebulo. Za galimoto sanatchule. Anangoti jeketelo akufuna kulichepetsa kuti lizimukwana iye, choncho awathandize kuliphwasula. Pamutu anatola lezala kuti ayambe, koma amayi anamumenya kadzanja. Anatenga singano n'kuyamba kusoka ulusi wofiira paphewa ndi pamkono wa jeketelo, wobiriwira mbali inayo, wachikasu pakolala.

"Ndakalambira pa makinawa, mwanawe, koma sindiphwasula chovala ndisanaike zizindikiro. Nsalu zakuda zikasiyana zimafanana zonse. Iwe mutu wako unaugula kuti woposa wangawu?"

Misozi ya Pamutu inagwera pa jekete la bambo ake, ndipo anaulula zonse za paipi ija. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anakoka thumba la tinsanza totsala posoka n'kumuikira pamiyendo.

"Unawotcha ndiwe, ukonzenso ndiwe. Dzanja lina pa galimoto ya abambo ako sindikulifuna."

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Pamutu anayamba kuphunzira ngati mwana wa sukulu. Kuntchito, asanasolole paipi iliyonse, ankaitsatira mpaka kumapeto, kuinunkhiza kuti adziwe ngati ndi ya petulo, ya madzi kapena ya mpweya, kenaka n'kumanga kansanza ka mtundu umodzi uku ndi uku. Anzake ankamufunsa ngati injiniyo ikupita ku ukwati. Pa nkhani ya mawaya anakagogoda kwa mkulu wina wa zamagetsi a galimoto, amene kale ankamunyoza kuti ndi wochedwa. Mkuluyo anamukumbutsa mwambi wa Ndidziwakale amene anamanga nyumba yopanda khomo, anamuseka mokwanira, koma anamuphunzitsa kuyesa waya aliyense ndi kababu asanalumikize.

Miyezi inapita. Loweruka lililonse Pamutu ankavundukula lona n'kugwira ntchito mwakachetechete. Anapala utoto wopserera, anayala mawaya atsopano, anaika paipi yobwezera petulo ku thanki. Injini yonse inadzaza ndi tinsanza, tofiira, tobiriwira, tamaluwamaluwa.

Tsiku loliza injini litafika, sanaitane munthu. Koma anthu ali ndi makutu, anadzaza okha pampanda, ena atanyamula zidebe za madzi kuti amuseke. Amayi anatulukanso atatchena. Pamutu anayamba kumasula tinsanza tija tiwiritiwiri, kutsimikiza kuti kalikonse kakumana ndi kanzake. Atafika kumapeto, anapeza waya mmodzi woonda ali ndi kansanza kabuluu kopanda kanzake.

Maso onse anali pa iye. Mtima wakale uja unamunong'oneza kuti kawaya kamodzi sikangachite kanthu, angoliza basi. Anayang'ana kiyi, anayang'ana amayi, n'kutseka boneti.

"Amayi, lero sitiyenda. Pali waya mmodzi sindikumudziwa."

Pampanda panamveka kuseka. Pamutu anamva nkhope ikutentha kuposa tsiku la moto lija. Koma amayi anangoseka chapansipansi, n'kunena kuti zovala zabwino sizitha ndi kuvala kawiri, ndipo kwa nthawi yoyamba amva mwana wawo akulankhula ngati mmisiri.

Mawa lake anakatenga mkulu wa zamagetsi uja. Anapeza kuti wayayo ndi woyatsa chikupizo choziziritsa injini, ndipo kansanza kanzake kanagwera kunsi. Akanaliza tsiku lija, injiniyo ikanatentha ali pamsewu, amayi ali momwemo.

Loweruka lotsatira pampanda panalibe munthu, anthu anali atatopa nazo. Pamutu anavala jekete la bambo, limene tsopano linkamukwana, n'kupotokola kiyi. Injini inalira bwinobwino. Anadikira, anasuzumira kunsi, ananunkhiza, sipanadonthe kanthu. Anatsegula chitseko, amayi n'kukhala pampando wawo wakale, akusisita pamene mwamuna wawo ankatsamiritsa dzanja. Atawafunsa kumene akufuna kupita, anati ayende pang'onopang'ono mu msewu womwewo wa pakhomo, umene iye anauzemba nthawi yonse ija, magalasi ali otsitsa.

Lero galaja ya Pamutu inatsegulidwanso, ndipo eni magalimoto akale amamufuna chifukwa sasolola kanthu asanamange chizindikiro. Pakhoma, pafupi ndi masipanala, pamapachikidwa thumba la tinsanza. Dzina lija silinachoke, ndipo akalimva amachitabe manyazi pang'ono.

Inu amene mukuzemba msewu wina chifukwa cha zimene munawononga, manyazi sakonza kanthu. Bwererani, vundukulani lonalo, funsani amene akudziwa, ndipo pamene simukudziwa nenani poyera kuti simukudziwa. Mwina amene munamulakwirayo akungodikira kuti mubwere mudzakonze. Osataya mtima.