Lamulo Lachitatu la a Mwangosi

A Ambokile Mwangosi anaphunzitsa jogalafe zaka makumi awiri ndi zitatu pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Mlare, koma anthu ambiri a kumeneko za jogalafeyo sazikumbukira. Amakumbukira pepala lachikasu limene linkakhala kuseri kwa chitseko cha Fomu 3, lomatidwa ndi phala la chinangwa. Pa pepalalo panali malamulo a phunziro la nyenyezi.

Phunziroli silinali pa mayeso a boma. A Mwangosi anachita kulipempha kwa ahedi, ndipo anapatsidwa Lachitatu masana, nthawi imene ana ena amapita ku mpira ndi ku kwaya. Komabe sankalola kuti munthu alitchule kuti kalabu. Ankati kalabu ndi ya ana ofuna pobisalira dzuwa, pamene ili ndi phunziro, ndipo phunziro limayenda ndi malamulo.

Anabadwira ku Vinthukutu, mwana wachisanu wa mlimi wa chinangwa. Ali wamng'ono ankadzutsidwa m'bandakucha kuti atsogolere ng'ombe za pangolo, ndipo kangapo konse ngolo inalowa m'dzenje chifukwa wotsogolera anali chiyang'anire kumwamba. Ankalakalaka kukaphunzira za kuthambo ku yunivesite, koma mapointi sanakwane, choncho anapita ku uphunzitsi. Anakwatira mayi Yunike, nabereka mwana mmodzi, Kenan, amene pano amathandiza amalonda kuwolotsa katundu pa malire a Songwe ndipo za nyenyezi alibe nazo ntchito. Nyumba imene ankakhala inali ya sukulu, njinga inali yakale. Chinthu chokha chimene a Mwangosi anadzipangira ndi manja awo pa moyo wawo wonse chinali phunziro la Lachitatu lija.

Lamulo loyamba linkati aliyense abwere ndi kope lakelake losalembamo china chilichonse. Lachiwiri linkaletsa kuseka funso la mnzako, ngakhale atafunsa chifukwa chake mwezi umamutsatira popita ku chigayo. Panalinso lina la magalasi oonera patali, amene Kenan anawagulira kwa dalaivala wa ku Tanzania: wogwira magalasiwo ayambe wasamba m'manja, makamaka ngati wadya mandasi. Koma lachitatu ndilo linali lodulidwa mzere kawiri ndi inki yofiira. Linkati: "Lemba zimene waona ndi maso ako. Ngati sunaone kanthu, lemba kuti sunaone. Wokopera m'buku kapena kwa mnzake atuluke, ndipo asabwerenso."

Pa zaka zonsezo anatulutsapo ana anayi. Mmodzi mwa iwo pano ndi wapolisi, ndipo akakumana nawo pamsewu amawapatsabe moni maso ali pansi.

Chaka chimene ndikunenachi, mu Fomu 3 munali mtsikana dzina lake Leticia, wokhala ndi azakhali ake kuseri kwa msika. Sankayankhula kwambiri. Tsiku lililonse ankadzuka tambala asanalire kachiwiri kuti akapeze malo pa mzere wa kumjigo, ndipo podikira ndowa kuti idzadze ankayang'ana kumwamba. Kope lake linali laudongo, lolembedwa tsiku, nthawi ndi pamene anaima. A Mwangosi anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, ndipo anauza akazi awo kuti magalasi aja adzasiyira mwana ameneyu, chifukwa ndi yekhayo amene angadzaphunzitse ena iwo atachoka.

Mu Okutobala anapereka ntchito. Pali kagulu ka nyenyezi zing'onozing'ono zothithikana pamodzi, kamene mwezi umenewo kamakhala pamwamba chakumadzulo kusanache. Anauza ana kuti kwa masiku khumi aliyense azidzuka m'mamawa, aziwerenga nyenyezi za m'kaguluko ndi maso okha, ndi kulemba zimene wapeza. Sanawauze kuti zimakhala zingati. Chiwerengerocho chinali m'buku limodzi lokha la mu laibulale.

Iwonso ankachita ntchito imene apatsa ana, monga mwa chizolowezi chawo. Tsiku loyamba anaima kuseri kwa khitchini, nayang'ana. Kagulu kaja kanalipo, koma kanangooneka ngati ufa umene wina waupaka ndi chala pa nsalu yakuda. Sanadabwe. Okutobala ndi mwezi wotentha tchire, ndipo fumbi limakhala m'mwamba sabata ndi sabata. Analemba m'kope mwawo kuti, "Utsi. Sizikuwerengeka." Tsiku lachiwiri analemba chimodzimodzi, lachitatunso. Ndipo m'mawa uliwonse akafika ku sukulu, poimika njinga pakhonde, ankadandaula mokweza kwa aphunzitsi anzawo kuti utsi ngati wa chaka chino sanauonepo chibadwire. Ana ankadutsa pomwepo ndi matsache awo, akumva.

Tsiku lotolera makope linafika. Anali makumi awiri ndi limodzi. A Mwangosi anawatsegula limodzilimodzi ana ali pomwepo, akuyandikiza tsamba kumaso, ndipo mtima wawo unasangalala: utsi, utsi, utsi, kope ndi kope. Anawayamikira kuti alemba zoona ngakhale zoonazo zinali zosakoma. Kenaka anatsegula la Leticia. Munali zisanu ndi imodzi, zisanu ndi imodzi, mpaka pansi, ndipo tsiku lina analemba zisanu ndi ziwiri, ndi kujambula pamene yachisanu ndi chiwiriyo inali.

Anamufunsa ngati anabwerekako buku la mu laibulale lija. Mtsikanayo anavomera kuti anabwereka mwezi wathawo.

"Anzako makumi awiri aona utsi. Ine ndaona utsi. Iwe wekha kumjigo kwanuko kuli thambo lina?"

"Ndinaona, aphunzitsi."

"Werenga lamulo lachitatu."

Leticia anapita kuseri kwa chitseko, nawerenga lamulolo ndi mawu otsika mpaka kumapeto. Anatenga kope lake, natuluka. Anyamata ena anayamba kuseka, koma a Mwangosi anawayang'ana ndipo analeka. Mmene sabata inkatha, sukulu yonse inali ikumutcha Nyamakopera.

Madzulo a tsiku limene anatulutsa Leticia, a Mwangosi anafotokozera mayi Yunike, amene anali kupeta mpunga pakhomo. Ananena kuti zawapweteka kuposa ana anayi aja onse pamodzi. Mayi Yunike anapitiriza kupeta. Iwo anali ataona kale zinthu zina zimene sanazinene: kuti chiyambire Pasaka amuna awo ankaimba nyimbo za kutchalitchi pamtima, buku lili chotsegula pa tsamba lolakwika, ndiponso kuti ankawafunsa monong'ona nambala ya nyimbo yolembedwa pabolodi.

M'bandakucha a Mwangosi atatuluka ndi kope lawo, anamva mapazi kumbuyo. Mayi Yunike anali atafunda chitenje, ndipo anafunsa kuti nyenyezi zawozo zili pati. Anawalozera. Mayiwo anayang'ana kanthawi, kenaka anawerenga m'Chinkhonde, pang'onopang'ono monga amawerengera nkhuku polowa m'khola, mpaka zisanu ndi imodzi.

"Kumwamba kwayera ngati mbale yotsuka, abambo a Kenan. Utsi wanuwo uli kuti?"

A Mwangosi anatseka diso limodzi, kenaka linalo. Anakhala pansi pa mtondo umene unali pafupi, ndipo anakhalabe pomwepo mpaka kunja kunayera.

Ku chipatala cha ku boma anawayeza, nawauza kuti mitsempha ya m'maso mwawo yakhala ikufa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Anawapatsa mankhwala odontheza, nawauza mosabisa kuti mankhwalawo angochedwetsa matendawo, koma zimene zapita sizidzabwerera. Pobwerera mu minibasi, mayi Yunike ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Amuna awo sankaganiza za maso ayi. Ankaganiza za makope makumi awiri aja.

Lachitatu lotsatira anaima patsogolo pa kalasi, nauza ana zonse. Kenaka anapempha kuti amene anadzukadi ngakhale tsiku limodzi mwa masiku khumi aja akweze dzanja. Palibe anakweza. Bruce, mnyamata wokonda nthabwala, anati iye utsiwo anauonadi, kungoti anauonera m'tulo. Awiri atatu anaseka, kusekako n'kuzilala kokha.

A Mwangosi ananena kuti lamulo lachitatu likuwatulutsa onse, ndipo woyamba kutuluka ndi iwo eni. Utsi sanauone. Chimene anayenera kulemba n'chakuti sanaone kanthu, koma iwo analemba zimene ankaganiza, n'kumazilalikiranso pakhonde mpaka ana makumi awiri anakopera kwa iwo. Anatenga magalasi aja, natuluka. Ana anatsala m'madesiki, osadziwa ngati aloledwa kupita ku mpira.

Loweruka anapalasa njinga kupita kuseri kwa msika. Azakhali a Leticia anawayalira mphasa, naitana mtsikanayo, amene anabwera n'kugwada chapatali. A Mwangosi anapepesa pamaso pa azakhaliwo, osachepetsa kalikonse. Anati adzanenanso pa asembule kuti sukulu yonse imve, ndipo anamupempha kuti abwerere, ayambirenso phunzirolo awiriwiri, iye akhale maso awo. Anatulutsa magalasi m'chikwama, nawaika pamphasa.

Leticia anati masamba a nyenyezi anawang'amba tsiku lomwelo, ndipo otsalawo akulembamo za ulimi. Anawonjeza kuti lamulo limati wotuluka asabwerenso. A Mwangosi anati lamulolo analemba ndi iwo, ndipo akhoza kulifufuta.

"Ndinakuuzani kuti ndinaona, asambizgi," anatero mtsikanayo, akuwatchula monga amatchulira aphunzitsi kwawo. Sanakweze mawu. "Masiku ano kumjigo ndimangoyang'ana ndowa."

Azakhali anamudzudzula kuti munthu wamkulu akapepesa sayankhidwa chotero, koma a Mwangosi anawaletsa. Mtsikanayo anathokoza mwaulemu, nadzuka kukapitiriza kuchapa. Magalasi anabwerera m'chikwama.

Pa asembule ananenadi, ndipo dzina lachipongwe lija linatha. Leticia ankawapatsa moni monga kale, jogalafe anakhoza bwino, koma Lachitatu masana ankapita ku kwaya. A Mwangosi anamatula pepala lachikasu lija okha. Phala la chinangwa linali litagwira kwambiri, moti ngodya zinayi za pepalalo zinatsalira pachitseko, ndipo zilipobe.

Anapuma pa ntchito chaka chimodzi nthawi isanakwane, atayamba kulephera kuona zimene alemba okha pabolodi. Pano amakhala ku Vinthukutu, m'nyumba imene Kenan anawamangira pa malo a bambo awo. Magalasi ali m'sutukesi pansi pa bedi. Amadzukabe kusanache, ndipo mayi Yunike amawagwira pamkono mpaka kuseri kwa nyumba, n'kumawauza zimene zili kumwamba: kuti nthanda yatuluka, kuti mwezi watsala kachidutswa, kuti m'kagulu kaja lero zikuoneka zisanu ndi imodzi. A Mwangosi amamvetsera, nthawi zina amawakonza dzina la nyenyezi. Tsiku lina mayiwo anawauza kuti azingolemba zimene akuwauzazo, popeza mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi. A Mwangosi anapukusa mutu. Amatsegula kope, n'kulemba tsiku ndi nthawi m'zilembo zikuluzikulu zokhota, ndipo pansi pake amalemba kuti, "Sindinaone."