Tsitsi ndi Dzino m'Mimba mwa Kulusumu

Kulusumu anali mlimi wa mpunga ku Maganga. Ankalima m'dambo la amayi ake, kupuntha yekha, n'kusenza mpungawo kukagulitsa pa siteshoni ya Salima. Anakwatiwa ndi Binali, msodzi, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi. Njala ya 1949 itafika povuta, Binali analembetsa Wenela n'kupita kumigodi ku Joni.

Patatha chaka ndi theka, mimba ya Kulusumu inayamba kutukuka, makamaka chakumanja.

Akazi anzake anawerenga miyezi pazala, ndipo sinagwirizane. Hajara, mlongo wake wa Binali, anakalembetsa pa boma kalata yopita kwa Binaliyo. Yankho linabwera lalifupi: mwanayo akangobadwa, Kulusumu alandira talaka, ukwati uthere pomwepo.

"Alamu, tchulani dzina la mwamunayo nkhani ithe," anatero Hajara.

"Ndilibe dzina loti nditchule."

"Ndiye mwameza dzungu?"

"Kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti sichitakataka."

Kumwezi ankapitabe, ndipo masiku amenewo ankasiya swala, mapemphero a Chisilamu, monga kale. Koma zimenezo ndani akanamuchitira umboni?

Inakwana miyezi isanu ndi inayi, inakwana khumi ndi itatu, mwana osabadwa. Anthu sanasowe chonena. Anati waimanga mimbayo ndi mankhwala kuti idikire Binali. Kulusumu analeka kuyankha. Ankalawirira kudambo anzake asanadzuke.

Tsiku lina akufesa mpunga anagwa, ululu utamupota m'mimba mpaka kusanza. Ku dispensale ya pa boma anamulembera kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Hajara anakwera naye sitima monga womudwazika. Sichinali chikondi. Ankafuna kuona nkhope ya mwanayo asanamubise.

Madokotala anagoneka Kulusumu tulo n'kumuchita opaleshoni. Atatsitsimuka anapeza mimba itaphwa, ili ndi ulusi. Hajara anali atavuta kale kuti Asilamu sasiya thupi lawo kuti litayidwe kudzala. Choncho Elliot, wothandiza dokotala, anabweretsa chochotsedwacho m'botolo lalikulu. Chinali thumba long'ambidwa, m'kati muli mafuta achikasu, tsitsi lopiringizana, ndi dzino.

Kulusumu anachita mantha kwambiri.

"Tsitsi ilo! Dzino ilo!" anakuwa Hajara. "Si mwana ameneyu?"

"Mayi, muli ndi ana angati?" Elliot anafunsa Hajara.

"Asanu."

"Ndi uti anabadwa ndi dzino lachibwano?"

Odwala a pafupi anaseka. Elliot anatembenukira kwa Kulusumu. Anati thumba lotere munthu amabadwa nalo lili laling'ono ngati kambewu, ndipo limakula mwakachetechete zaka zambiri. Limapanga khungu, tsitsi, nthawi zina mano. Palibe mwamuna amaliika, ndipo limapezeka ngakhale mwa mtsikana wosadziwa mwamuna. Lake linali litapotoka, n'chifukwa anagwa. Mankhwala akumwa sakanalisungunula, linkangofunika mpeni.

"Ndiye ndidzabereka?" anafunsa Kulusumu.

"Mbali inayo ili bwino. Adikireni bambo abwere."

Hajara sanakhutire. Mawu a kuchipatala ndi a kuchipatala. Atafika kumudzi anauza akazi kuti akonzeke kukaika nthayo, monga amachitira mwana akabadwa wakufa, akazi okhaokha, popanda kulira. Kulusumu anadziwa tanthauzo lake. Chinthucho chikaikidwa ngati nthayo, ndiye kuti anali mwana, ndipo ukwati watha.

Kulusumu anaitana Abiti Omari, amene ankasambitsa maliro a akazi m'mudzimo zaka makumi atatu. Iwo anakhuthulira za m'botolozo pa tsamba la nthochi, n'kuzitembenuza ndi kamtengo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Nthayo ndagwira zambiri," anatero. "Ngakhale yochepa ngati mbewa imakhala ndi mutu, msana ndi zala. Hajara, bwera undionetse msana."

Hajara anasuzumira, koma sanaloze.

"Sanda yanga sindiwonongera ichi. Ili ndi tsitsi ndi dzino. Tsitsi lometa ndi dzino loguluka timakwirira kuseri kwa nyumba. Tengani khasu."

Kulusumu ananyamuka kuti akumbe yekha, koma bala linamukoka. Anakhala pansi n'kupuma mpweya wautali. Hajara ndiye anakumba.

M'mawa mwake Hajara anayendanso wapansi kupita pa boma kukalembetsa kalata yachiwiri, youza Binali kuti sanali mwana. Pepani sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma dzinja limenelo, Kulusumu asanathe kuwerama, Hajara ndiye anamuwokera mpunga dambo lonse.

Binali anabwera mu 1952. Za talaka sanazitchule, ndipo Kulusumu sanamukumbutse. Anabereka ana ena awiri, onse aamuna, ndipo analima mpunga mpaka maondo atakana.