Mawu a Pakona ya Fomu

Mayi amene amajambula ekisire pachipatala pathu sakonda zocheza. Wodwala akalowa amangomuuza kuti, "Kokani mpweya, musautulutse," kenako amasuzumira pabenchi panja. Akaona kuti palibe womuperekeza, amalemba pakona ya fomu kuti, "Wabwera yekha." Akhala akuchita zimenezi kwa zaka makumi awiri, ife n'kumawaseka kuti akungotha inki.

Chaka chatha ndinalowetsa mafomu onse akale mukompyuta kuti tifufuze chifukwa chimene odwala ena sabwerera kudzamva zotsatira. Sichinali kutalika kwa mtunda, ngakhalenso ukalamba. Ambiri osabwererawo anali aja olembedwa pakona. Tsopano aliyense wobwera yekha timamuimbira foni.

Ndinathamanga kukawauza. "Mayi, mwapulumutsa anthu ambiri. Munadziwa bwanji?"

Iwo sanasiye kupukuta makina.

"Sindinkadziwa kanthu, mwanangu. Bambo akunyumba anabwera kuno okha ine ndili patchuthi, osandiuza. Chithunzi cha chifuwa chawo ndinachipeza mukabati umu titaika kale maliro, envulopu yake ili chimatire."

Atatero anaitana wodwala wotsatira, n'kusuzumira pabenchi.