Amalume Alosera Imfa ya Injini

Tinanyamuka pa Kabudula dzuwa litangotuluka, ine ndi amalume anga a Gwaza, kupita ku Namitete ku chinkhoswe cha mchemwali wanga. Amalumewo ndiwo anali ankhoswe, ndiye popanda iwo mwambo sukanayamba. Minibasi inali itatisiya, choncho tinakwera matola, kapikapu kokalamba kodzaza matumba a mtedza ndi amayi a geni.

Amalume anapuma ntchito ya umakaniko kalekale, koma khutu lawo silinapume. Tisanapite patali anapendeketsa mutu.

"Adalaivala, injini iyi yatopa. Pa Nsaru sidutsa."

"Bambo, mwalipira ulendo, zolosera sitinakupempheni," adalaivala anayankhira pawindo.

Pachitunda choyamba nthunzi inafuka kutsogolo. Tinaima pa mjigo, adalaivala anatunga madzi ozizira n'kukhuthulira pa injini yotenthayo. Inalira ngati chiwaya cha tchipisi. Amalume anagwira kumutu.

"Mukuipha! Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Tsiku ndi tsiku choncho, kuonjezera katunduyu ndi mabampu a msewu uno, kamng'alu kamayamba kosaoneka ndi maso. Ukadziwa kuti chatentha n'kuzizira kangati, umatha kuyerekeza nthawi yomwe chidzathyoke."

Anthu anangowayang'ana. Kuti timvetse, anagwira kawaya kena pa dengu lomwe linali pafupi n'kuyamba kukapinda uku ndi uku.

"Onani, sindikukoka mwamphamvu ayi. Koma kakutopa."

Kawaya kanaduka. Tsoka ilo, n'komwe kanamanga chivindikiro cha dengu la nkhuku. Nkhuku zinabalalikira m'munda wa fodya wa eni ake. Ine ndi suti yanga yobwereka ndinathamangitsa tambala m'mizere, mayi mwini nkhukuzo akukalipa kuti maphunziro enawa ndi ufiti basi.

Pa Nsaru injini inadutsa ikuimba. Adalaivala analiza hutala msika wonse, n'kuima dala kuwagulira amalume chinangwa chootcha.

"Idyani aneneri, mupeze mphamvu zolosera zina."

Amalume analandira chinangwacho n'kudya.

Dzuwa lili pamutu tinalowa msewu wa tala wa ku Mchinji. Foni yanga inkangolira. Akuchimuna anali atafika kale, ena ayamba kung'ung'udza kuti tawanyoza, ndipo mchemwali wanga anali m'misozi. Adalaivala anandimvera chisoni, anaponda mafuta. Nyumba za pa Namitete zikuonekera chapatali, kutsogolo kunamveka kuti phu! Kenako zii. Madzi osakanikirana ndi oilo anayenderera pa tala. Adalaivala anatsegula boneti, anasuzumira, n'kuvula chipewa. Mutu wa injini unali utang'aluka.

"Ndinangophonya malo," amalume anatero akukonza tayi.

Pomwepo anthu anawaunjirira. Wina anafunsa za chigayo chake, wina za njinga yamoto ya mwamuna wake. Agogo ena aamuna anakweza thalauzi.

"Akulu, tamvetserani mawondo angawa. Afika nthawi yokolola, eti?"

"Afika, bola musakwerenso matola."

Tinamaliza ulendo pa kabaza, amalume patsogolo, ine pambuyo nthenga zili paphewa. Titangotulukira, azimayi anaimba nthungululu, mchemwali wanga anapukuta maso n'kunditsina pamkono, mwambo unayamba.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti wodziwa zitsulo amakuuza zoona kuti chithyoka, kungoti sakuuza pamudzi pa yani. Masiku ano amalume akangopendeketsa mutu m'galimoto, ine ndimayamba kuyang'ana komwe kuli akabaza.