Chikwama Chimene Ndinawasankhira Amuna Anga

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kanyenda, ndipo dzina langa sinditchula. Chimene ndikufuna kuvomera pamaso panu inu owerenga n'chakuti mkono wamanja wa amuna anga unalumala chifukwa cha ine. Sindinawamenye, sindinawapitire kwa sing'anga ayi. Ndinangowagulira chikwama. Ena mwina museka, koma yambani mwamva momwe zinayendera.

Amuna anga, bambo a Shamimu, amakonza mainjini a maboti. Luso limeneli anaphunzira kwa amalume awo, ndipo asodzi a m'madoko ambiri kuno amawadziwa. Injini ikakana kulira, foni yawo ndiyo imalira. Nthawi imeneyo ankayenda pa njinga yakapalasa. Pakaliyala ankamangapo kachigubu ka oilo, ndipo zida zawo zonse, masipanala, pulaya, hamala, mapulagi ndi timabawuti, ankaziika m'chikwama chobereka kumsana. Chikwamacho chinali chakalekale. Pogula chinali chobiriwira, koma oilo anachidetsa mpaka mtundu wake sunkadziwikanso, ndipo malamba ake anali osokasoka ndi ulusi wa ukonde. Eni ake ankachikonda kwambiri. Ankati chikakhala kumsana manja onse awiri amatsala opanda kanthu, ndipo katundu samveka kulemera.

Ine sindinkaonapo vuto mpaka tsiku la msonkhano wa makolo kusukulu ya Shamimu, mwana wathu woyamba. Ndinakhala pafupi ndi mnzanga amene ndinakula naye, mayi a Tadala, amene amuna awo ndi kalaliki mu ofesi ina ku Dwangwa. Bamboyo anafika atavala malaya oyera ositasita, paphewa atakoleka chikwama chachikopa cha lamba mmodzi, chikugunda m'chiuno akamayenda. Bambo a Shamimu anafika mochedwa, kuchokera kudoko, chikwama chawo chija kumsana, fungo la petulo lili patsogolo. Mayi a Tadala anandigunda ndi chigongono n'kunena mokweza kuti amayi ena amve:

"Anzanga, amuna anuwa abwera ngati kholo kapena ngati mwana wa sukulu? Ali Sitandade chani?"

Amayi anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma mumtima munali mukuyaka. Mnzangayo mwina pofika kunyumba anali ataiwala kale zimene ananena. Ine ndinazisunga. Kuyambira tsiku limenelo ndikawaona amuna anga akutuluka ndi chikwama chawo, sindinkaonanso munthu amene amatidyetsa. Ndinkaona munthu amene akundichititsa manyazi.

Nditakolola mpunga n'kugulitsako, ndinapita kumsika ku Dwangwa. Pa kaunjika wa zikwama ndinapeza chimene mtima wanga unkafuna: chofiirira, cha lamba mmodzi, chokhala ndi chivindikiro chogwera kutsogolo ndi kachitsulo konyezimira. Wogulitsayo anali munthu wachilungamo. Anandifunsa kuti amuna anga amagwira ntchito yanji, chifukwa chikwamacho n'cha mapepala ndi laputopu, si cha katundu wolemera. Inu owerenga, ndinamuyang'ana m'maso bamboyo n'kumuuza kuti amuna anga amagwira mu ofesi. Limenelo linali bodza langa loyamba.

Ndinawapatsa tsiku la Idi, atabwera kumzikiti. Anakondwera ndithu. Anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza, n'kundithokoza pamaso pa ana. Kenako anati azipita nacho kumaukwati ndi kumisonkhano. Tsiku lotsatira anachipachika pa msomali kuchipinda, n'kubereka chakale chija ulendo wa kudoko.

Ndinapirira sabata ziwiri. Ndinkangochiona chili pa msomali, fumbi likuyamba kugwerapo. Lachisanu lina, iwo ali kumapemphero a masana, ndinakhuthulira zida zawo pamkeka, n'kutenga chikwama chakale chija kupita nacho kudzala kuseri kwa nyumba. Ndinachiunjikira zinyalala n'kuyatsa. Ndi oilo amene chinamwa zaka zonsezo, sichinavute kuyaka. Atabwera ndinawauza kuti ndinachichapa n'kuchiyanika pampanda, ndipo wina wadutsa nacho. Iwo anangoti, "Wakubayo ndiye wadzivutitsa. Wabapo chiyani pamenepo?" Anapita kuchipinda, anatsitsa chatsopano chija, n'kuyamba kulongedzamo masipanala.

M'mawa mwake atakoleka paphewa n'kukwera njinga, ndinaima pakhomo kuwayang'ana mpaka anakhota. Ndinamva kukoma. Ndinadziuza kuti tsopano amuna anga akuoneka ngati anthu.

Zizindikiro zinabwera msanga, koma sindinafune kuziona. Sabata yoyamba yomwe lamba uja anawasiyira mzere wofiira kuchokera paphewa mpaka pachifuwa. Akabwera madzulo ankandipempha kuti ndiwathowe ndi madzi otentha pakhosi ndi paphewa, ndipo ndinkawathowa ine ndemwe, ndi manja angawa, osafunsa kuti ululuwo ukuchokera kuti. Anayamba kuyenda chopendekera mbali imodzi. Tsiku lina akukwera m'boti chikwama chinapendama, chivindikiro chinatseguka, sipanala imene ankaidalira kwambiri inagwera m'madzi osapezekanso.

Iwo anayesa nzeru zawo. Anachimangirira pakaliyala ndi mphira, pamwamba pa kachigubu ka oilo. Nditaona mphira yasiya mizere yakuda pachikopa, ndinakalipa. Ndinati ndavutika m'dambo chaka chonse kuti ndiwagulire chinthu chabwino, iwo akuchimanga ngati mtolo wa nkhuni. Anandiyankha modekha, monga amachitira nthawi zonse.

"Mayi a Shamimu, chikwama ichi sichikhazikika. Ndikamapalasa chimathawira kutsogolo n'kumandimenya pabondo."

"Muzolowera. Nanga anzanu a m'maofesi amatha bwanji?"

"Anzangawo amanyamula mapepala. Ine ndimanyamula zitsulo."

Mawu oona ngati amenewo ine ndinawatenga ngati mwano. Ndinanyanyala masiku awiri, kuphika ndikuphika koma osawalankhula. Tsiku lachitatu anamasula mphira ija okha, n'kukolekanso chikwama paphewa. Ananenapo zogula chobereka china pa kaunjika, ine n'kuwauza kuti akatero ndidziwa kuti mphatso yanga aiona yachabechabe. Sanaitchulenso nkhaniyo.

Tsiku la ngozi linali la mwezi wa Julayi, mwera ukuwomba. Anawaimbira foni m'mawa kuti boti lina injini yake yakana, ndipo asodzi akudikira. Anamwa tiyi ali chiimire n'kunyamuka. Tsiku limenelo anawonjezeramo zitsulo zina za injini, moti pokoleka chikwama ndinawaona akukwinya nkhope. Ndinaona, koma ndinangowauza kuti ayende bwino.

Pasanathe ola limodzi foni yanga inalira. Nambala inali yawo, mawu anali a munthu wina. Anali dalaivala wa lole yonyamula matumba a mpunga. Anandiuza kuti ndithamangire kuchipatala, mwini foniyo wagwa pa njinga.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa dalaivalayo, kenako kwa eni ake. Pa msewu waukulu pali potsetsereka polowera pa kamlatho kopapatiza. Lole inali kumbuyo kwawo, ndipo anapatukira m'mphepete kuti idutse, monga amachitira aliyense wa njinga. Tayala litatsika pa phula, chikwama chinalumphira kutsogolo ndi kulemera kwake konse, lamba n'kukola pa handulo. Handulo inakhotera kumanzere, dzanja limodzi anali atalichotsa kuti abweze chikwamacho, ndipo mabuleki sanawapeze. Anagwera mu ngalande ya miyala pansi pa mlatho, phewa lamanja patsogolo, chikwama cha zitsulo pansi pa nthiti zawo. Lole sinawakhudze n'komwe. Dalaivalayo anaima mwa chifundo chake chabe, n'kuwanyamula.

Ndinawapeza atagona, nkhope yotupa, akupuma pang'onopang'ono chifukwa nthiti ziwiri zinali zitathyoka. Fupa la paphewa linathyoka, ndi la mkono pamwamba pa chigongono. Adokotala anandiuza kuti mafupa adzalumikizana, koma mitsempha ya mkono yavulala kwambiri, ndipo sangalonjeze kuti mphamvu idzabwerera yonse. Chikwama chija anthu anachitola n'kuchiika pansi pa bedi. Sichinang'ambike paliponse. Masiku onse amene ndinawadikirira m'chipatala ndinkachigunda ndi phazi ndikamawadyetsa phala.

Abale ankabwera kudzazonda. Aliyense ankafunsa kuti zinakhala bwanji, ndipo bambo a Shamimu ankangoyankha kuti njinga inaterereka, ndi mmene Mulungu analembera. Sanatchulepo chikwama, sanatchulepo ine. Apongozi anga, mayi awo, ankandiyamikira pamaso pa anthu kuti mwana wawo anapeza mkazi wodziwa kusamala wodwala. Inu owerenga, kunditukwana kukanandipepukira kuposa kundiyamikira kumeneko.

Tsiku lina masana, ozonda atatuluka, ndinalephera kupirira. Ndinagwada m'mbali mwa bedi n'kuwauza zonse: za mawu a mayi a Tadala, za bodza limene ndinamuuza wogulitsa, ndi kuti chikwama chawo sichinabedwe, ndinachitentha ndine. Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti ndinyamule ana ndizipita kwathu. Koma iwo anati:

"Ndinadziwa tsiku lomwelo. Ndinapita kudzala kukataya zitini za oilo, ndinapeza zipi yake m'phulusa."

Ndinawafunsa ndikulira chifukwa chimene sananenere.

"Ndinaona kuti ndikukuchititsani manyazi. Ndinati ngati kupweteka phewa kungachotse manyazi a mkazi wanga, ndipirira. Nanenso ndinalakwa, mayi a Shamimu. Ndinkadziwa kuti chikwamacho chidzandigwetsa, koma ndinaopa kunyanyala kwanu kuposa msewu. Dzukani, anthu akutiona."

Mpaka lero mawu amenewo akandibwerera ndimasiya chimene ndikuchita n'kukhala pansi.

Papita zaka ziwiri. Mafupa analumikizana, koma mkono sukwera kupitirira phewa, ndipo zala ziwiri sizigwira bwino. Njinga anaisiya. Nzeru za injini zilipo zonse, amangomva kulira kwake n'kudziwa pamene pavuta, koma kumasula bawuti yolimba kapena kukoka chingwe cholizira injini sangathe. Miyezi yoyamba ankakhala pakhonde foni ikulira, iwo n'kumawauza asodzi kuti afune munthu wina. Kuwaona bambo amene sankadziwa kukhala pansi akuwerenga nkhuku pabwalo kunandipweteka kuposa tsiku la ngozi. Ndalama zinasowa, moti Shamimu anatsala pang'ono kusiya sukulu.

Ndiye ndinawapempha kuti manja anga akhale manja awo. Anakana kawiri, kachitatu anavomera. Masiku ano tikaitanidwa timakwera minibasi kapena kabaza tonse awiri. Iwo amaloza, ine ndimamasula. Poyamba asodzi ankaseka kuona mayi wa mpango kumutu atagwira sipanala, koma injini ikalira kuseka kumatha. Zida ndimanyamula ndine, m'chikwama cha malamba awiri chimene anasankha okha pa kaunjika, atayesa malamba ake ndi dzanja lawo lamanzere. Tsiku loyamba kunyamula zitsulo zimenezo ndinayesa dala kuzikoleka paphewa limodzi, kuti ndimve chimene ankamva. Sindinafike nazo ngakhale pa siteji. Iwo anayenda nazo chotero pafupifupi miyezi iwiri.

Sindikunena kuti chikwama chapaphewa n'choipa. Kwa mphunzitsi, kalaliki, kapena aliyense wonyamula mapepala n'kumayenda pansi kapena pa minibasi, n'chabwino, ndipo chimatseguka msanga osachivula. Koma abambo inu amene mumapalasa njinga, mumakwera njinga yamoto, kapena mumanyamula zida zolemera, berekani kumsana, malamba onse awiri, ndipo muwakoke akhale othina. Akakusekani kuti mukuoneka ngati mwana wa sukulu, sekani nawo n'kumapita. Ndipo chinthu chikamakupwetekani, nenani mobwereza, ngakhale kunyumba kukhale chete sabata yathunthu. Kungokhala chete pofuna mtendere nthawi zina kumadula kuposa mkangano.

Kwa amayi anzanga ndikuti, musanamugulire mwamuna chinthu cha ku ntchito yake, mufunseni, chifukwa iye ndi amene amadziwa kulemera kwa katundu wake. Mawu a mnzanu wa pabenchi asakulowetseni manyazi ndi ntchito imene ikudyetsa ana anu. Ndipo mukakhala ndi mwamuna wofatsa, wosakonda kukangana, muzimumvetsera kwambiri kuposa wolongolola, chifukwa wofatsa amanena kamodzi kokha. Anga ananena, ine ndinanyanyala. Lero m'mawa uliwonse ndimawamangira mabatani a malaya, iwo n'kumandithokoza.