Loko Wovuta wa Amakiyi

Mumdadada wathu wa nyumba za lendi, chitseko chovuta kutsegula kuposa zonse chinali cha munthu wodula makiyi. Tonse timawatcha Amakiyi, ndipo ndikukayika ngati ana a pano amadziwa kuti ali ndi dzina lina. Ine ndayandikana nawo khomo kuyambira mwamuna wanga ali moyo. Madzulo aliwonse ndinkamva nkhondo yawo ndi chitsekocho: kiyi alowe theka, akokere chigwiriro kwa iwo, akankhe m'munsi ndi bondo, kenaka apotoze. Tsiku lina loko ankavomera, tsiku lina ankafuna kumupempha kawiri.

"Mmisiri wa maloko kugona kuseri kwa loko wotere," ndinkawaseka ndili pakhonde. "Manyazi mulibe?"

"Aneba, wakuba akafika pano amatopa, n'kupita kwa inu," ankayankha.

Malo awo a ntchito ali pakona pa msika, pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Ndi katebulo chabe: kamakina kolira ngati udzudzu waukulu, tupa, ndi waya wolendewera makiyi osadula. Fumbi lachikasu la makiyi silichoka m'nsidze mwawo. Si munthu wa mawu ambiri, koma amati pa katebulo kameneko pamadutsa mabanja onse a m'tawuni. Pamabwera mayi wodzadulitsa kiyi wa apongozi ake nkhope ili gwa. Pamabwera mnyamata wofuna kiyi wachiwiri, akumwetulira yekha. Pamabweranso bambo wam'mamawa, maso ali psu, akuti tiyeni mukandisinthire loko lero lomwe. Oterewa Amakiyi amawachedwetsa dala. Amati makina atentha, bwerani mawa. Ambiri sabweranso.

Amakiyi anakwatira mochedwa, mayi wosoka zovala amene anali ndi kamwana kakakazi kongoyamba kulankhula. Mulungu sanawapatse wina. Kamwanako Amakiyi anakatcha Tsabola chifukwa cha pakamwa pake, ndipo dzinalo linakhala. Ndi iwo amene ankamuperekeza kusukulu, ndi iwo ankamuzula mano ogwedera. Atasinkhukirapo anamudulira kiyi wakewake, n'kumumangirira pa kachingwe m'khosi. Mwanayo anazungulira mdadada wonse kutionetsa.

Mayi ake atamwalira, m'nyumbamo munalowa chete woipa. Aliyense ankalira kwayekha. Tsabola, amene tsopano anali namwali, anasiya sukulu n'kuyamba kuyenda ndi anzake osadziwika bwino. Tsiku lina anakangana ndi Amakiyi. Khoma lathu ndi lopyapyala, moti ine ndi mwana wanga wotsiriza tinamva zonse osafuna.

"Musandilamulire. Inu si bambo anga, munangondipeza."

"Chabwino. Ukatuluka pakhomopo, loko ndisintha lero lomwe."

Anatuluka. Loko sanasinthidwe. Zaka zinadutsa, lokoyo anachita dzimbiri n'kuyamba mwano, koma Amakiyi ankangomuthira mafuta. Dzina la Tsabola sankalitchula. Ine ndinkalitchula m'mapemphero basi, poti pamaso pawo ndinalibe poyambira.

Chaka chatha eni nyumba anabweretsa zitseko zatsopano chifukwa zakale chiswe chinali chitazimaliza. Zinabwera ndi maloko ake onyezimira. Tsiku limenelo Amakiyi sanapite kumsika. Anaima pambali pa kalipentala mpaka atachotsa loko watsopano kuti paikidwe wakale uja.

"Madala, ichi n'chitsulo chakutha," anadandaula kalipentala.

"Chakutha n'changa. Boola apa."

Mwana wanga wotsiriza anali pa holide. Kukoleji amaphunzira za mmene anthu amalankhulirana m'mabanja, ndipo Amakiyi amamutcha Apulofesa. Anali pakhonde akuchapa, iwo atakhala pa sitepe akupukuta loko wawo ndi kansanza.

"Apulofesa, kusukulu kwanuko akuti banja n'chiyani?"

"Sagwirizana," anatero mwana wanga. "Ena amati ndi magazi kapena ukwati. Ena amati ndi anthu amene amalerana ndi kusamalirana. Aphunzitsi athu amati banja limamangidwa ndi zimene anthu amauzana: mmene amaitanirana, nkhani zimene amabwereza, ngakhale mawu amene anasiyana nawo."

"Zanga n'zachidule. Amene ali ndi kiyi wa pakhomo pako, ameneyo ndi wako."

"Ndiye loko ameneyu mukusungira achemwali aja, a Tsabola."

Amakiyi anaweramira pa loko wawo. Kansanza kanangopitiriza kuyenda.

"Nanga iwo akudziwa?" anapitiriza mwana wanga.

Ndinamuyang'ana ndi diso loti atseke pakamwa, koma ana a masiku ano diso saliwerenga.

"Mawu omaliza amene anamva kwa inu ndi oti musintha. Ndipo inu ndinu Amakiyi, angakayike bwanji? Loko salankhula, bambo."

Amakiyi anapukuta manja n'kulowa m'nyumba. Ine ndinamukalipira mwanayo kuti bala la wamkulu sakanda ndi chala. Iye anangoti pepani, amayi, koma nkhope yake sinali yopepesa.

Patapita masiku, m'mawa wina, Amakiyi anagogoda kwanga atavala jekete limene anavala pa ukwati wawo.

"Aneba, mundiperekeze. Kumene ndikupitako n'kwa azimayi."

Mu minibasi ndi mmene ndinadziwira kuti zaka zonsezi ankadziwa kumene Tsabola ali. Amaluka tsitsi mu saluni ina kumapeto kwa tawuni. Nthawi zina ankapita kukadutsa tsidya lina la msewu, aone kuti ali bwino, n'kubwerera.

Mu saluni munali fungo la mankhwala a tsitsi, wailesi ikulira, azimayi atakhala pamzere mitu ili theka. Tsabola anali ataima kumbuyo kwa mpando, chipeso atachibaya m'tsitsi lake, zala zikuthamanga. Anali atanenepa pang'ono, nkhope ngati ya mayi ake.

"Agogo, kometa ndi khomo linalo," anatero mayi wina, anzake n'kuseka.

Amakiyi anavula chipewa.

"Tsabola."

Zala zija zinaima. Sanatembenuke, anangowayang'ana pa galasi.

"Loko uja sindinasinthe."

"Ndili ndi kasitomala."

"Ndaona. Ndimangoti udziwe. Koma uzikankha ndi bondo, wayamba kuvuta."

Anavala chipewa, tinatuluka. Pobwerera, mu minibasi, anatembenukira kwa ine.

"Ndalankhula bwino, aneba?"

"Mwalankhula," ndinatero. Zina ndinazisiyira Mwini wake.

Sabata inatha, inzake inatha. Amakiyi anayamba kuweruka msanga, ndipo asanayambe nkhondo yawo ndi chitseko ankayamba agwira chigwiriro, mwina apeza chotsegula. Ndinayamba kuopa kuti mwana wanga wangowatokosa chilonda pachabe.

Masana ena ndikuchokera ku kwaya ndinapeza Tsabola atakhala pa sitepe ya Amakiyi, kachikwama kali pamiyendo. Anadzuka n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"Bwanji osalowa, mwanawe?"

"Amayi, kiyi ndilibe. Ndinamuponya mu ngalande tsiku lomwe lija, ndisanafike n'kumsewu komwe."

Ndinawaimbira foni Amakiyi. Anafika akupuma mofulumira, fumbi la makiyi lili m'nsidze, tupa ili m'manja chifukwa anaiwala kuisiya. Anaima patali pang'ono. Awiriwo anayang'anana ngati anthu okumana pa mlatho wopapatiza.

"Kiyi ali kuti?"

"Ndinataya."

"Liti?"

"Tsiku lomwelo."

Amakiyi anayang'ana loko wawo, anayang'ana bondo lawo, kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe. Chimwalirire mkazi wawo ndinali ndisanawamve akuseka chotero.

"Zaka zonsezi bondo langa lakhala likuvutikira ngalande."

"Inunso, ababa, munthu kusunga chitsulo osanena? Mukanati mumwalire, ine ndikanamva kwa loko?"

"Mwamva, aneba? Pakamwa mpomwe paja."

Anadzuka kukatsegula. Tsiku limenelo anachedwa pachitseko kuposa masiku onse, atatifulatira, ndipo sindikhulupirira kuti vuto linali loko.

Sindinganene kuti zonse zinatha tsiku limodzi. Tsabola sanabwerere kudzakhala, ali ndi chipinda chake pafupi ndi ntchito. Amabwera Lamlungu masana, ndipo kudzera pa khoma lathu lija ndimamva akukangana za jekete lakale ndi za mchere wochuluka. Nthawi zina amatsitsa mawu, ndimadziwa kuti akukamba za mayi ake, ndipo ndimakweza wailesi.

Loko wakale anachotsedwa sabata yomweyo. Amakiyi anaika watsopano uja, amene kalipentala anawasiyira, n'kudula makiyi kumsika. Wina anapatsa Tsabola, wopanda kachingwe ulendo uno. Wina anabwera naye kwanga.

"Aneba, sungani uyu. Mwana wangayu amataya."

Ndinawakumbutsa mawu awo aja, oti amene ali ndi kiyi wa pakhomo pako ndi wako. Anakanda m'mutu n'kunena kuti zimenezo ndikafunse Apulofesa. Kiyiyo ndinamupachika pa msomali wa kuseri kwa chitseko changa, pamodzi ndi wa malemu mwamuna wanga.