Dzina la Aminatu pa Kalendala

Inu amene mumangodandaula kuti zinthu zavuta, tamverani za Aminatu wa ku Chilobwe. Sindibwereza.

Mtsikanayu analibe mayi, analibe bambo. Mayeso a Fomu 4 analephera kawiri. Chuma chake chinali foni yong'aluka galasi. Ankajambula nayo anthu mumsika wa Limbe n'kumaika zithunzizo pa intaneti, kuti mwina wina amuitane kukajambula ukwati. Palibe anamuitana.

Tsiku lina analowa m'sitolo ina n'kuona kalendala pakhoma: mayi wogulitsa tomato, mvula ikugwa, atafunda pulasitiki, akuseka. Chithunzi chimene iye anajambula! Koma dzina lake, limene analemba pakona, analidula.

Analira, inde, koma misozi sigula mchere. Anafunsafunsa mpaka anapeza amene anasindikiza kalendalayo, a Laban.

"Bambo, chithunzi ichi ndi changa."

"Iwe mwana, ine ndinangosaka pa intaneti n'kuchipeza. Za pa intaneti ndi za aliyense."

"Tomato wa mayi awa nayenso ali poyera pamsika. Mumangotola n'kumapita?"

Anamuthamangitsa. M'mawa mwake anabweranso. Anamuthamangitsanso. Ulendo wachitatu anafika ndi mayi wa tomato uja, make Hilary. Aminatu anatsegula foni n'kuonetsa zithunzi zina makumi atatu za tsiku lomwelo, mayi yemweyo, mvula yomweyo.

"A Laban, nkhopeyi ndi yanga," anatero make Hilary. "Mwanayu anandipempha asanajambule. Nanga inu munapempha ndani?"

A Laban anafewa. "Chabwino, ndikupatsa ya sopo, nkhani ithe."

"Ya sopo ayi," anatero Aminatu. "Dzina langa ndi nambala yanga zikhale pa kalendala iliyonse."

Ine kunenerera mtengo ndimakudziwa, koma nditamva zimenezi ndinagonja. Sopo amatha sabata imodzi, pomwe kalendala imakhala pakhoma chaka chonse.

Makalendala anali atagawidwa kale, ndiye a Laban anasindikiza timapepala tomata. Aminatu anayenda wapansi, sitolo ndi sitolo, kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni, kumata dzina lake. Mwezi usanathe foni inalira: akufunika ku chinkhoswe ku Chitawira. Lero ali ndi kamera yeniyeni, ndipo Loweruka simungamupeze pakhomo.

Ndiye inu osaka zithunzi, chilichonse chili ndi mwini wake. Mufunefuneni, mupemphe, pakamwa sipatupa. Ndipo iwe amene akudyera thukuta lako, pukuta m'maso, nyamuka ukagogode. Mtima usagwe, ntchito ndi yako!